Chipinda cha Nafisa pa F8

A Hamisi ndinayamba kuwadziwa pokangana nawo. Ine ndimaphunzitsa pasukulu ya pulaimale kuno ku Nkaya, ndipo mayeso a ana anga ndimakataipira m'kanyumba ka makompyuta komwe bungwe lina linatimangira pafupi ndi msika. Woyang'anira kanyumbako ndi iwowo, bambo wamtali wa mzuli woyera, amene kale ankakonza njinga pasiteshoni ya sitima mpaka msana unawakana.

Makompyuta ake ndi a dzina lokha. Patebulo lililonse pali sikirini, kiyibodi ndi kabokosi kopanda nzeru. Nzeru zonse zili m'kompyuta imodzi yaikulu yotsekeredwa m'kabati, yomwe amati seva, yoyendera mabatire a sola. Chomwe a Hamisi ankanyadira n'chakuti pampando umodzi anthu angapo atha kulowapo, wina osatulutsa mnzake. Munthu akadzuka kupita ku swala kumzikiti amakhoma zake, iwe n'kudina Ctrl, Alt ndi F9, sikirini n'kukutsegulira pako, za mnzako zili chikhalire kuseri. Iwo ankati ndi zipinda za nyumba ya khomo limodzi.

Mpando wa pazenera ndi umene ndinkaukonda, ndiponso ndi umene unkandipsetsa mtima. Chala chikaphonya n'kugunda F8, pankatuluka dzina lakuti Nafisa ndi malo olembapo pasiwedi. Lero Nafisa, mawa Nafisa, mwezi n'kutha, munthu wake osaoneka. Ndinawauza a Hamisi kuti amutulutse chifukwa akungolemetsa makina. Anandiyankha kuti mwini wake sanatsanzike. Nthawi ya mvula, dzuwa litasowa, anakana kunditchajira foni, ati mabatire angathe seva n'kuzima. Ndinawauza kuti ndi ouma manja, ndipo sindinanong'one.

Nkaya ndi yaing'ono, nkhani siigona panjira. Mayi wogulitsa mandasi pakhomopo ndi amene ananditsina khutu kuti Nafisa ndi mzime wa a Hamisi. Ankaphunzira kutaipa pampando womwewo. Tsiku lomwe zinadziwika kuti ali ndi pakati, bambo ake anamudzutsa pomwepo ndi mawu osati n'kuwabwereza. Iye anangokhoma sikirini, n'kupita kwa mayi ake aang'ono ku Nayuchi. Kuchokera apo sanalankhulanenso. Mwana anabadwa, anamutcha Zubairu, agogo ake osapita kukamuona.

Koma m'mawa uliwonse a Hamisi ankakwera padenga ndi msana wawo womwewo kukapukuta fumbi pamasola. Akatsika ankadina F8, kuyang'ana dzinalo pang'ono, n'kubwezera sikirini pomwe inali. Pasiwedi sankaidziwa, ankangolondera chipinda chomwe sakanatha kulowamo. Chisoni chinandigwira, ngakhale za foni yanga sindinaiwale.

Kenaka kunabwera Walter, katswiri wa bungwe lija wochokera ku Balaka, kudzasintha mabatire omwe anali atatopa. Anafotokoza mwaulemu kuti seva iyenera kuzimitsidwa ndipo zipinda zonse zitsekeka. Zosungidwa zidzakhalapo, koma zomwe munthu anasiya pasikirini asanasunge zidzapita. A Hamisi anafunsa ngati palibe njira yoti F8 yokha itsale. Panalibe. Walter anawayang'ana, anayang'ananso kabati, n'kunena kuti wakumbukira ntchito ina ku Ngokwe, adzabwera sabata yamawa.

Munthu wouma khosi sayenda ulendo wopanda chonamizira. A Hamisi anakwera sitima ya ku Nayuchi. Mayi aang'ono aja anadzasimba kuti atafika sanapepese ndipo za mwana sanafunse. Anaima pabwalo n'kuuza Nafisa kuti pali ntchito yake yomwe itayike akapanda kudzaisunga, basi. Mpando anaukana, madzi anawakana. Ine nditamva ndinati bambo awa satheka.

Nafisa anabwera tsiku lomwe Walter anabwerera, mwana ali kumbuyo. Ine ndinali pampando wa pazenera, ndipo ndinadzukapo osauzidwa. Anakhala, n'kudina F8, n'kulemba pasiwedi osaima kuti aganize. Tonse tinasuzumira, sindibisa. Panalibe choti n'kulira nacho. Linali phunziro la kutaipa, mizere ya asdf ndi jkl yolekezera pakati. Anaseka pang'ono, anasunga, n'kutseka chipinda chake cha pa F8. Dzina lija linachoka pasikirini.

Nkhope ya a Hamisi inagwa. Chonamizira chawo chinali chitatha, ndipo china analibe. Walter anazimitsa seva, m'kanyumba n'kuti zii. Sitinkadziwa kuti kabati ija imalira mpaka pomwe inalekera. Nafisa anaimirira n'kuyamba kumangitsa chitenje cha mwana kuti azipita.

"Amake Zubairu," anatero a Hamisi. "Akayatsanso, mpando uwu m'mawa umakhala wopanda munthu."

Nafisa anasiya kumangitsa chitenje chija. Aka kanali koyamba kumva dzina la mwana wake pakamwa pawo.

"Ndi mwana kumbuyo sindingataipe, ababa."

Anamasula chitenje, n'kutembenuzira mwana kutsogolo, n'kuwapatsira. A Hamisi anamulandira ndi manja awiri, mwamantha. Mwanayo anawagwira ndevu n'kukoka ndi mphamvu zake zonse, iwo osamuletsa.