Gust Wokunga Nsalu za Ojambula

Mu mzinda wonse wa Antwerp, aliyense wogwira burashi ankamudziwa Gust Verlinden, koma womukonda panalibe. Shopu yake inali kuseri kwa tchalitchi, m'kanjira konunkha guluu. Ankakhoma mafelemu, kukungapo nsalu ngati ng'oma, n'kuipaka choko kuti ojambula apeze pojambula. Ena ankafuna thabwa osati nsalu, ndipo ankawapalira la mtengo wa thundu. Ntchitoyi anaitengera kwa bambo ake. Pakamwa pokha sitidziwa kuti anatengera yani.

Kwa Gust, wojambula aliyense anali mlesi wothawa ntchito. Munthu akalowa ndi miyeso yake, iye ankayamba wamuyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka pa mpango wam'khosi.

"Chinsalu chonsechi mukufuna mujambulepo chiyani, akulu? Doko lonse ndi sitima zake?"

"Ndikufuna kujambula kusungulumwa, bambo Verlinden."

"Kusungulumwa kumakwana pa kansalu kopukutira mamina."

Nsalu ikamatuluka pakhomo ankaiperekeza ndi maso achisoni, akudziwa kuti ikupita kukaonongeka. Ku zionetsero sankajomba. Ankamwa vinyo waulere, kudya tchizi, kenako n'kumasuzumira kumbuyo kwa zithunzi, uku akuuza alendo kuti mbali yabwino aitembenuzira kukhoma.

Mkazi wake Godelieve anamvera nyimbo imeneyi mpaka mutu kuchita imvi. Tsiku lina ali pa tebulo, Gust atayambanso, mayiyo anaika foloko pansi.

"Gust, wandikwana. Ngati n'zosavuta, jambula iweyo tione."

"Ukuyesa ndingalephere?"

"Sindikuyesa kanthu. Jambula."

Gust anasankha thabwa labwino kuposa onse, limene anakhala akuwamana makasitomala. Nyengo yonse yozizira inathera pa kulipala, kulipaka choko, kulikwecha, kulipakanso. Ku bala analengeza kuti mzinda uno uona chimene sunaonepo. Anzake ankangogwedeza mitu, poti mowa ankagula ndi iye.

Thabwa litasalala moti panalibenso chonamizira, anakhazika Godelieve pawindo atavala diresi yake ya buluu. Apa ndiye zinavuta. Akakonza mphuno, pakamwa pankathawa. Akabweza pakamwa, khosi linkasowa. Anatuluka thukuta masabata angapo, osalola munthu kusuzumira.

Tsiku lotsiriza Godelieve anadzuka pampando n'kuzungulira kukaona. Pathabwapo panali chinthu cha mutu ngati mbatata yophika, diso limodzi litatsamira khutu, manja ngati a nkhanu.

"Ameneyu ndani?"

"Ndiwe."

"Bwanji osandiuza kalekale kuti ndimaoneka chonchi? Bwenzi ndikuyenda nditavala thumba kumutu!"

Anaseka mpaka kukhala pansi. Gust anati vuto ndi penti ya masiku ano, kenako anati ndi maburashi, kenako anati mkaziyo ankagwedezeka dala.

Tsoka lake, mawa lake kunabwera Aleydis Coppens, wojambula amene Gust ankamutcha wopaka makoma pamaso pake pomwe. Mayiyo anachipeza chithunzicho chitatsamira benchi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, osaseka.

"Tonse tinayamba chonchi, bambo Verlinden. Lachiwiri ndimaphunzitsa oyamba kumene. Bwerani, malo alipo."

Akanamuseka bwenzi zili bwino. Chifundocho n'chimene chinam'baya. Gust anamuponyera nsalu zake n'kumuuza kuti azikagula kwina.

Anatenga puleni ya matabwa kuti apale manyazi akewo, koma anapeza Godelieve atanyamula kale chithunzicho. Mayiyo ankagulitsa nsomba pamsika, ndipo anakachipachika pamwamba penipeni pa sikelo. Wogula akafunsa kuti ndi nsomba yamtundu wanji imeneyo, ankayankha mokweza kuti a pabenchi ina amve:

"Ndine ameneyo, mayi. Mwamuna wanga ndi katswiri."

Ojambula a mumzindawo anayamba kukonda nsomba mwadzidzidzi. Ankabwera awiriawiri, ena ndi ana asukulu awo.

Gust anasiya kudutsa kumsika. Popita ku shopu ankazungulira njira ya kumtsinje, ngakhale kukugwa mvula. Burashi sanaigwirenso, kupatula yopakira choko. Anakalamba akukunga nsalu, ndipo aliyense womufunsa za chithunzi chija ankamuuza kuti sichinathe, anthu anangochiona msanga.