Paipi ya Kuseri kwa Khitchini

Kodi munthu wodziwa yankho akangokhala chete, osanena bodza, osawononga kanthu ndi manja ake, tinganene kuti walakwa? Funso limeneli linandipeza ku Zingwangwa m'zaka zoyambirira za matipate, ndipo linabwera ndi makina oumitsira zovala.

Makinawo anali a mng'ono wanga. Iye analekezera sukulu Fomu 2 n'kukwatiwa ndi dalaivala wa bungwe lina lakunja. Ine ndinali ndi digiri ndipo ndinkaphunzitsa kusekondale, koma nyengo ya chiperoni matewera a mwana wanga ankatha masiku atatu pachingwe chimene ndinamanga pabalaza, kuchokera pazenera kukafika pa msomali wa kalendala. Mzungu amene alamu anga ankamuyendetsa anawasiyira makinawo pobwerera kwawo. Makinawo anafika pa pikiapu Loweruka masana, ndipo mzere wonse wa nyumba unatuluka kudzaonerera.

Tsiku lomwelo mng'ono wanga anandibweretsera kabuku ka malangizo.

"Achemwali, inu ophunzira, tiwerengereni izi. Ife Chingerezi chathu chinathera pa moni."

Ndinawerenga kabuku konse. Ndinamufotokozera mabatani, nthawi, ndi zovala zosayenera kulowamo. Tsamba lomaliza linkanena kuti paipi yotulutsira mpweya wotentha isatsekedwe, komanso kuti ubweya wa zovala umene umaunjikana mkatimo uzichotsedwa kawirikawiri. Limenelo sindinalitchule. Pano ndiyenera kudzichitira chilungamo: tsiku limenelo sindinabise dala. Iye anali ndi changu, ine ndinali ndi mayeso oti ndichonge.

Alamu anaboola khoma la khitchini n'kutulutsira paipiyo panja. Patapita miyezi, khoswe analowera pamenepo. Mng'ono wanga anamanga kukamwa kwa paipi ndi chidutswa cha thumba ndi mphira ya chubu cha njinga, ndipo chiperoni chitayamba anavekanso pepala la pulasitiki kuti madzi asalowe. Kwathu kuno bowo lililonse la pakhoma timalitseka. Ndi nzeru yolondola pa chinthu china chilichonse kupatula makina amenewa.

Fungo linayamba pang'onopang'ono. Linali ngati la chiguduli chonyowa chimene chaiwalika pansi pa ndowa, losakanikirana ndi kafungo kopsereza, ndipo linkalowerera m'zovala. Mng'ono wanga anachapa kawiri, anaikamo makoko a mandimu, kenako masamba a bulugama. Palibe chinasintha. Kubwerera kuchingwe anakana.

"Ndikayanika panja, anthu a mzere uno andiseka mpaka Khirisimasi. Komanso ziuma liti ndi mvula yowaza imeneyi?"

Amene anavutika kwambiri anali alamu. Ntchito yawo inkafuna malaya oyera tsiku lililonse, ndipo bwana watsopano anali mayi wokonda kuyenda mawindo ali otseka. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi tinadyera kwawo, ndipo alamu anainena nkhaniyo mwanthabwala.

"Alamu, dona uja wandifunsa ngati ndimagona m'khola la mbuzi. Ndamuyankha kuti mbuzi ndilibe, koma mkazi ndili naye."

"Mbuziyo ndi inu," anatero mng'ono wanga. "Auzeni achemwali zonse."

Nkhope ya alamu inasintha. Anali atachenjezedwa kuti fungolo likapitirira achotsedwa pa galimoto ya bwana n'kupatsidwa lole yonyamula simenti kumidzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti oyendetsa malole ndiwo ankayamba kuchotsedwa ntchito ikachepa.

Titatha kudya ndinapita kuseri kukataya madzi osamba m'manja, ndipo ndinaona paipi ija itamangidwa ngati thumba la makala. Tsamba lomaliza linandibwerera lonse, mzere ndi mzere. Ndinaimapo ndi beseni m'manja, kenako ndinalowa m'nyumba n'kuyamikira ndiwo.

Nsanje yanga sinali yotentha ayi. Sindinkafuna kuti mng'ono wanga asauke kapena kuti banja lake lithe. Ndinkangoona kuti dziko lalakwitsa masamu: amene anakhala zaka zinayi akuwerenga amapinda mutu podutsa matewera pabalaza, amene anathawa sukulu amangodina batani. Fungo lija linkaoneka ngati likukonza cholakwikacho, ndipo ine sindinkafunika kuchita chilichonse. Ndinkadziuza kuti ndinena sabata yamawa.

Mng'ono wanga anandifunsa kamodzi, mosapita m'mbali.

"Achemwali, m'kabuku muja sanalembemo za fungo?"

"Ndikayang'ananso," ndinatero. Silinali bodza. Ndinayang'anadi, ndipo mawu akuti fungo munalibemo. Ndinakondwera ndi kulondola kwa yankho langa, ndipo kukondwera kumeneko ndiko kumandichititsa manyazi kuposa zonse.

Panapita masabata asanu. Alamu anapatsidwa lole. Mng'ono wanga anandiuza zimenezi ali pakhomo panga, osalira, akuyang'ana chingwe changa cha pabalaza ngati akuchisirira. Loweruka lotsatira ndinapita kwawo ndi waya wa hang'ala yokolekera zovala. Ndinadula mphira ija, ndinazula paipi kumbuyo kwa makina, n'kuyamba kukoka. Munatuluka ubweya wotuwa, wonyowa, wogwirana ngati bulangete lowola, wodzaza ndowa mpaka theka. Tinatsuka paipiyo ndi madzi otentha n'kuiyanika, ndipo pakamwa pake tinaikapo waya wa sefa woletsa makoswe koma wolola mpweya. Ntchito yonse sinakwane ola. Pomafika Lachiwiri fungo linali litatha.

"Sukulu ndi yabwino, achemwali," anatero mng'ono wanga, akununkhiza malaya. "Mwangoyang'ana kamodzi basi, mwadziwa."

Kumapeto kwa chaka chimenecho alamu anauzidwa kuti ntchito yatha. Bungwelo linati likuchepetsa magalimoto, ndipo mwina zinali zoona. Mwina akanachotsedwabe ngakhale malaya awo akananunkhira maluwa. Zimenezo ndilibe njira yozidziwira. Sanapezenso ntchito yofanana ndi imeneyo. Mng'ono wanga mpaka lero amauza anthu kuti ine ndi amene ndinapulumutsa makina ake, ndipo za masabata asanu aja sindinamuuze.