Botolo la amayi silinkanama

Mtima wa amayi utayamba kufooka, miyendo yawo inatupa mpaka nsapato za pulasitiki zinakana. Kuchipatala anawaletsa kumwa madzi ambiri, n'kutipatsa botolo lomwe ankaliyesa pa odwala, la kagalasi pachivindikiro kosonyeza madzi amene munthu wamwa. Anandiuza poyera kuti akapyola mlingo, madziwo adzadzaza m'chifuwa.

Tinabwerera kwathu ku Lobi. Tsiku lililonse botolo linkati amayi amwa pang'ono, koma miyendo inkangotupirabe. Ndikadina ndi chala pamwamba pa phazi, dzenje linkatsala. Ndinkachita mantha moti ndikakhala ku dimba ndinkangotchera khutu kumudzi.

Ine ndine wosakhulupirira zinthu msanga, ndiye ndinati botololi ndi labodza. Ndinagula kapu yatsopano yamizere, ija timayezera mankhwala opopera mbatata. Ndinkathira madzi m'botolo, kupungulira m'kapu, n'kuyerekeza. Ndinayesa ndi madzi ozizira a m'mawa, ndinayesa ndi ofunda. Ndinkafunitsitsa litalakwitsa, chifukwa ngati linkanena zoona ndiye kuti mtimawo unali kutha. Silinaphonye ngakhale kamodzi.

Tsiku lina khasu linaguluka, ndinabwerako msanga. Ndinapeza azakhali, alongo awo a malemu bambo, ali pamkeka ndi chigubu cha thobwa, amayi akulandira chikho ndi manja awiri. Kwathu wodzazonda matenda sabwera chimanjamanja, ndipo amayi a kumphakati wa kutchalitchi ankasinthana kubwera ndi thobwa tsiku ndi tsiku ine ndili ku dimba.

“Amayi, musamwe,” ndinatero.

Amayi anandinong'oneza kuti, “Ndikane cha alamu anga? Anena kuti ndikuwaganizira zoipa.”

Ndinagwada, n'kulanda chikhocho. Kutaya thobwalo kukanakhala mwano, choncho ndinamwa ndekha.

Azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali. “Ukulawa chiyani, mwanawe? Ndathiramo chiyani?”

Ndinafotokoza za mtima, ndinawaonetsa botolo, koma iwo anali atanyamula kale chigubu chawo. Nkhani inafika patsogolo panga m'mudzi monse, yakuti kwathu zakudya za alendo zimayamba zalawidwa.

Miyendo inaphwa ndithu, amayi anayambanso kugona osatsamira khoma. Koma madzulo ankakhala pakhonde, botolo lili pamiyendo, akuyang'ana njira yomwe anthu anasiya kudzera. Tsiku lina anandifunsa modekha ngati ndikuganiza kuti pamaliro awo padzabwera anthu.