Gambo wa Ulysse Doucet

Ine ndi Ulysse Doucet tinakulira limodzi m'mbali mwa mtsinje wa Teche. Sukulu tonse tinaisiyira panjira. Ine ndinapita kukagwira nkhanu m'maboti, iye analowa m'khitchini ya amayi ake ndipo sanatulukemonso. Pamaliro ake anthu ankati dzanja lake silinalakwitsepo mphika. Limenelo ndi bodza, ndipo mwiniwakeyo ankadana ndi bodza.

Malo ake odyera anali kanyumba kamatabwa kuseri kwa tchalitchi. Ankagulitsa zinthu ziwiri basi. Choyamba chinali poboyi, buledi wautali wong'amba pakati, wouma kunja wofewa mkati, wodzaza nkhanu zokazinga, tomato ndi tsabola. Chachiwiri chinali gambo, msuzi wolimba wa nkhuku ndi soseji, wothira pa mpunga. Alendo oyendayenda kufuna chakudya chenicheni cha kwathu kuno akafunsa pomwetsera mafuta, ankawalozera kwa Ulysse.

Gambo amayambira pa ufa wa tirigu ndi mafuta. Umatakasa pamoto osapuma mpaka zide ngati khofi. Ukangocheuka ufa umapserera, timadontho takuda timaoneka, fungo limasintha, ndipo mphika wonse umawawa. Lamulo la Ulysse linali limodzi: zopserera sakonza, amataya. Pa ukwati wa Claudette, mwana wake wamkazi, Ulysse anakhuthulira mphika wathunthu m'ngalande alendo atakhala kale patebulo, mkazi wake Noémie akulira pakhomo.

"Adikire," anatero. "Wofuna zowawa akamwe mankhwala kuchipatala."

Noémie atamwalira, Ulysse anadwala chimfine choopsa. Anachira, koma mphuno ndi lilime sizinadzukenso, pomwe maso anali atayamba kale kuchita nkhungu. Sanauze munthu. Ankatakasabe m'mawa uliwonse, ndipo gambo anayamba kuwawa.

Palibe anayankhula. Anthu a m'tauni muno ankamukonda, ndiye anangoyamba kuitanitsa poboyi yekha. Wina ankati m'mimba simuli bwino, wina ankati kunja kwatentha. Alendo okha ndi amene ankaitanitsa gambo, n'kulawa kawiri, n'kusiya mbale yodzaza. Claudette, yemwe ankaperekera zakudya, ankabisa mbalezo bambo ake asanazione. Anabwera kwathu kudzandipempha kuti nanenso nditseke pakamwa.

"Amalume, mthiko uja ndi umene ukuwadzutsa m'mawa. Mukawalanda, atsala ndi chiyani?"

Sindinamulonjeze kanthu. Ndinangosiya kupitako.

Koma mbale mungabise, mphika ayi. Ulysse ankaunyamula yekha potseka, ndipo manja ake anamuuza kuti ukubwerera wolemera. Loweruka lina masana anandiitanitsa. Ndinamupeza ali ndi mbale imodzi patebulo, supuni ili pambali.

"Aurelien, nkhalamba yonunkha nsomba iwe, wathawiranji? Wapeza mkazi wokuphikira?"

"Angandifune ndani ine? Mano omwe anathawa kale."

"Gambo safuna mano. Khala apo, idya."

Claudette anaima pakhomo la khitchini akundipukusira mutu. Ndinalawa. Kunali kuwawa ngati ndulu ya nsomba.

"Nanga?" anafunsa Ulysse. "Ena onsewa akundinyengerera ngati khanda. Iwe ulibe ulemu chibadwire, n'chifukwa chake ndakuitana."

"Wapserera, achimwene."

"Lero lokha?"

"Kuyambira Isitala."

Ulysse anatembenukira kumene kunali mwana wake. 

"Ndipo anthu akutali aja akubwerera kwawo akunena kuti uyu ndiye gambo wa kwathu?"

"Ababa, palibe amene wadandaula."

"Ndiye choipa kwambiri chimenecho, mama."

Anadzuka, nakanyamula mphika uja. Ndinati ndimuthandize koma anandikankha ndi chigongono. Anatulukira nawo kuseri n'kuukhuthulira m'ngalande yomwe ija ya tsiku la ukwati. Anautsuka, anaupukuta, n'kupachika mthiko pamsomali. Sanaugwirenso.

Kuyambira pamenepo ntchito yake inali kung'amba buledi. Ankakhala pakona, akufinya buledi aliyense pafupi ndi khutu kuti amve ngati akuthetheka bwino, poti makutu okha ndi amene anamutsalira. Anayamba kuchepa thupi. Claudette analibe nthawi yoima pamoto, ndiye ankagula ufa wokazingakazinga wa m'botolo kusitolo, n'kumabisa mabotolowo pansi pa sinki. Gambo wake sankawawa. Sankakomanso. Alendo ankamaliza mbale zawo n'kujambula chithunzi ndi mdalayo.

Tsiku lina Claudette anamupatsa mbale. Ulysse anadya yonse, n'kunena mokweza kuti, "Dzanja la amayi ako lenileni." Mwanayo atalowa m'khitchini, mdalayo anandikoka malaya.

"Aurelien, ndi wa m'botolo eti? Sindikumva mthiko ukukhula mphika m'mawa."

"Ndi wa m'botolo."

"Chabwino. Usamuuze kuti ndadziwa."

Anamwalira Khirisimasi isanafike. Claudette mpaka lero sandipatsa moni, akuti ndinafupikitsa masiku a bambo ake. Mwina akunena zoona. Ndimapitabe kumeneko Lachisanu kukagula poboyi, amandiikira patebulo osandiyang'ana. Mthiko udakali pamsomali paja, ndipo wachita fumbi.