Dzina Limene Ndinatchula ku Nathenje

Anabwera Lachiwiri m'mawa, nyengo yosoka fodya. Ndinali m'chigafa kwathu ku Mitundu pamene amuna anayi a chipani anaima pabwalo.

"Mayi, tiyeni," anatero wamkulu wawo. "Mukafotokoze komweko chifukwa chake mpingo wanu ukukana kugula khadi la chipani."

Ananditengera ku nyumba ina ya malata kufupi ndi Nathenje. Wofunsa mafunso anali munthu waulemu. Tsiku lililonse funso linali limodzi: "Mumapemphera m'nyumba ya yani?" Ndikakhala chete, iye ankatuluka, n'kulowa ena. Za enawo sindilemba zambiri. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinatchula dzina la mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga.

Anabwera nawo Lachisanu masana, milomo itatupa, n'kuwakankhira m'chipinda changa chomwecho. Ine ndinayang'ana kukhoma.

"Alamu, ndakutchulani ndine," ndinatero. "Mulungu wanditaya basi."

"Ndikudziwa. Anandiuza m'galimoto. Tasendezani ndikhale."

Anakhala pansi movutikira, akupuma mobanika. Kenako anati, "Inu mumayesa tikupulumuka chifukwa tagwira Yesu mwamphamvu? Ndi manja athuwa? Watigwira ndi iyeyo. Anakufunsani mphamvu zanu tsiku lomwe anakuferani?"

Tinakhala limodzi miyezi itatu, bulangeti limodzi. Nkhaniyo sanaibwerezenso. Chifuwa chinawayamba nyengo yozizira. Anamwalira Lamulungu m'mawa, mutu uli pamiyendo panga. Mlonda anasuzumira n'kunena kuti, "Mbale zachepa ndi imodzi."

Ananditulutsa mvula yoyamba itagwa. Panalibe mlandu, panalibe pepala. "Pitani. Simunaone kanthu."

Ndinayenda wapansi mpaka ku Mitundu. Amuna anga ndinawauza zonse ndisanalowe m'nyumba. Nditamaliza, anandilandira kachitenje kanga. Ana atatu a malemuwo tinalera ife.

Tsopano ndakalamba. Timapemphera chitseko chili chotsegula, palibe wotifunsa. Za chipulumutso changa sindikayika. Amene sananditaye tsiku lija sanganditaye lero. Koma ufulu sunandichotsere maloto. Nyumba ija ya ku Nathenje masiku ano amagulitsamo feteleza. Chaka chatha mdzukulu wa mlamu wanga anandiperekeza kukagula thumba. Iye analowa akuseka pa foni. Ine ndinamudikira panja.