Maling'i a Che Uladi

Mukafika pa Balaka n'kufunsa za Che Uladi Kasembe, anthu amakulozerani cha kunjanji, pomwe pali shedi ya malata akale ndi mafelemu a zitseko atatsamira chipupa. Eni ake ndi bambo wamfupi wa zaka zopitirira makumi asanu, wamaso ofiira chifukwa cha moto wowotcherera. Malaya awo onse ali ndi timabowo topserera. Chibadwire sanaponyepo mpira wa basiketibolo pa masewero enieni, koma pa tauni yonseyo palibe amene amaukamba mpirawu kuposa iwo.

Anabadwira ku Chikweo, m'banja la asodzi a pa nyanja ya Chiuta. Ali mnyamata ankapalasa bwato la bambo awo ndi kusoka maukonde. Chaka china madzi anaphwera kutali, mabwato n'kukhala pamatope miyezi yambiri, ndipo bambo awo anawatumiza ku Liwonde kwa atsibweni awo amene ankakonza ngolo ndi mawilibala. Kumeneko ndiko anaphunzira kuwotcherera. Atakwatira mayi Rukiya, anasamukira ku Balaka n'kutsekula shedi yawoyawo. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ntchito yawo inali zitseko, mageti, zitsulo za m'mawindo, ndi makasu othyoka.

Mu 2016 kunabwera mayi Luckness Muhiwa, mphunzitsi wa pa sekondale ina ya m'bomalo, atatenga pepala lojambulapo mkombero wachitsulo. Che Uladi atayang'ana anati ameneyo ndi golo wa netibolo, ndipo amukonza tsiku lomwelo. Mayiwo anawafotokozera kuti iyayi, uwu ndi mpira wina: mkomberowo, umene osewera amautchula kuti ling'i, umamangiriridwa ku thabwa, ndipo umakhala pamwamba mafiti khumi. Che Uladi anapinda chitsulo chomangira nyumba, n'kuwotcherera, n'kukapachika. Patangotha masabata awiri ling'iyo inali itagwada, chifukwa anyamata ankailendewera.

Zinawachititsa manyazi kwambiri. Ntchito yawo inali isanabwezedwepo. Mwana wawo wamkazi, Nafisa, amene panthawiyo ankaphunzira unamwino, anawafufuzira pa foni makanema osonyeza momwe maling'i a kunja amapangidwira. Iwo ankafuna kuona chitsulo chokha, koma m'makanemamo munalinso anthu. Anaona munthu akunyamuka pansi, n'kukhala m'malere nthawi yoti wina akhoza kumeza malovu, kenako n'kukhomera mpira mu ling'i ndi manja onse awiri. Anamuuza Nafisa kuti abwereze. Anabwereza kasanu ndi kawiri. Mwezi wotsatira Che Uladi anagula foni yawoyawo yokhala ndi galasi lalikulu.

Pakhonde la sitolo yoyandikana ndi shediyo pamakhala telala, bambo Esau Nakoma, Mkhristu wa ku Ntaja amene makolo ake anachokera ku Mozambiki. Matenda okonda mpirawa Che Uladi anamupatsiranso iyeyo. Magetsi akazima, awiriwa ankakhala pa benchi n'kumawerenga nkhani za osewera a ku Amereka ndi a muno mu Afirika. Chimene chinkawazunguza mutu si zigoli ayi, koma malonda a osewera. Munthu amagona ali wa timu ina, n'kudzuka atauzidwa kuti wasinthanitsidwa ndi anthu awiri, alongedze akakwere ndege. Esau ankati ngakhale mbuzi pa msika wa Ulongwe imaona amene akuigula. Che Uladi ankati munthu wofunidwa ndi matimu atatu nthawi imodzi ndi wodala, chifukwa iwo pa moyo wawo wonse sanalimbiranidwepo ndi aliyense kupatula udzudzu wa ku Chiuta.

Kenako anamva za Faizal Mbwana. Ameneyu anabadwira ku Ngokwe, ndipo ali ndi zaka khumi ndi zinayi anawoloka malire pa Nayuchi kukakhala ndi amalume ake ku Cuamba, ku Mozambiki. Kumeneko aphunzitsi ena ataona msinkhu wake anamupatsa mpira. Pofika 2023 anali wosewera wodalirika wa timu ina yaikulu ya ku Nampula, ndipo a kwawo ankamutchula kuti Mlongoti. Kwa Che Uladi, kumva kuti mwana wa ku Ngokwe, komwe iwo ankapitako pa njinga kukagulitsa matemba, akudya ndi mpira umenewu, kunali ngati kumva kuti mnansi wawo akuyendetsa ndege.

Chaka chimenecho mphekesera zinabuka zoti Mlongoti agulitsidwa. Kuyambira mwezi wa Juni mpaka Okutobala, pa benchi paja sipankakambidwanso nkhani ina. Esau ankati akupita ku Angola, ndipo umboni wake unali chithunzi chomwe Faizal anavala chipewa chofiira, mtundu wa timu ina ya ku Luanda. Che Uladi ankati akupita ku Maputo, chifukwa kochi amene anamuphunzitsa kuponya mpira anali atasamukira kumeneko, ndipo mwana woleredwa bwino sataya mphunzitsi wake. Wakabaza wina wa ku Ngokwe anabwera ndi yake, yoti mayi ake a Faizal awaona akujambulitsa chithunzi cha pasipoti, ndiye kuti ulendo ndi wa ku Ulaya. Makasitomala obwera kudzatenga mageti awo ankapezeka atakhala pansi n'kusankha mbali. Mayi Rukiya, pobweretsa chakudya chamasana, ankafunsa kuti kodi lero mwana wa eniyo mwamugulitsa kuti.

Chakumayambiriro kwa Okutobala mayi Luckness anafikanso pa shedipo, ulendo uno akuyenda mothamanga. Timu ya Faizal inali pa ulendo wa ku Blantyre kukasewera masewero opimana mphamvu ndi matimu a kumeneko, ndipo Faizalyo anali atapempha kuti aime tsiku limodzi pa Balaka kuti abale ake a ku Machinga amuone akusewera. Masewerowo adzachitikira pa bwalo la simenti la achinyamata, ndipo adzakumana ndi osewera osankhidwa a m'chigawo cha kummwera. Vuto linali maling'i. Amene analipo anali a Che Uladi omwe, olimba bwino kwa ana a sukulu, koma osati kwa munthu wolemera makilogalamu zana limodzi ndi khumi.

Che Uladi anaimitsa ntchito zina zonse. Anakumbukira kuti maling'i a kunja amakhala ndi sipuling'i kumbuyo, kuti munthu akalendewera ling'iyo igonje pang'ono kenako ibwerere. Anapita kwa okonza njinga zamoto n'kutolera masipuling'i a mashoko akale, ndipo anayesa mitundu inayi asanapeze woyenera. Tsiku lachitatu anapachika ling'i yoyamba pa mtengo wa nimu wa kuseri kwa shedi, n'kumangirirapo matumba awiri a simenti. Ling'i inagonja, atachotsa matumbawo inabwerera. Sanakhutire. Anabwezeretsa matumbawo n'kumupempha Esau kuti alendewerenso pamwamba pake. Esau anavula nsapato, nakwera pa mpando, nalendewera akupemphera mokweza, anthu odutsa akuseka. Ling'i sinathyoke.

Lachisanu, atangotuluka mu mzikiti, foni yawo inalira. Anali alamu awo a Ismail, amene amagulitsa zitenje pa Nayuchi.

"Alamu, anthu anu aja afika," anatero a Ismail. "Ndawaona ndi maso angawa akulowa mu ofesi ya pachipata. Aliyense akuwerama pakhomo. Wina wandipatsa moni, dzanja langa lasowa m'dzanja lake."

Loweruka kunatentha monga mmene kumatenthera ku Balaka mvula ikamayandikira. Pofika 1 koloko masana bwalo linali litazunguliridwa. Kunabwera malole awiri ochokera ku Ngokwe ndi Chikweo, amayi atavala mipango yawo ya pa Idi, madoda atanyamula maambulera. Ena anakwera m'mitengo, ena pa denga la chimbudzi mpaka anachita kuwatsitsa. Che Uladi anapatsidwa mpando pafupi ndi golo wa kumpoto. M'thumba munali sipanala ndi mabauti anayi apadera.

Alendowo atatsika m'basi, phokoso lonse linazilala. Che Uladi anali atawaona anthu otere kambirimbiri pa foni, koma pa foni munthu aliyense amatalika ngati chala. Apa anafunika kupendeka khosi. Faizal anadutsa pafupi nawo, ndipo lamba wa kabudula wake anali pa msinkhu wa chifuwa chawo. Nsapato yake inali yaitali ngati nkhwangwa ndi mpini womwe. Komabe ankayenda mopepuka, mapazi osamveka, ngati munthu wolowa m'nyumba momwe mwagona khanda.

Wezulo italira, chimene chinawadabwitsa choyamba chinali mkokomo. Foni sinawauzepo kuti anthu khumi akuluakulu akamathamangira mbali imodzi, simenti imanjenjemera mpaka m'miyendo ya mpando. Sinawauze za kulira kwa nsapato zikamaima mwadzidzidzi, za mphepo imene imakuomba osewera akamadutsa, kapena kuti amalankhulana nthawi yonse, mawu afupiafupi a Chipwitikizi, ngati asodzi akamakoka khoka. Thukuta la wosewera wina linawagwera pa mkono. Sanalipukute.

Patatha mphindi zisanu, mnzake wa Faizal, wamfupi mwa onsewo, analanda mpira n'kuuponya m'mwamba cha ku golo wa kumpoto, kumene kunkaoneka kuti kulibe munthu. Che Uladi anaganiza kuti wataya. Kenako anaona chithunzithunzi chikudutsa pamwamba pawo. Faizal anaugwira mpirawo uli m'malere, mutu wake utafanana ndi ling'i, n'kuukhomera mkati. Chitsulo chinalira, thabwa linagwedezeka, ndipo munthu yense uja analendewera ndi manja awiri, miyendo ikuuluka. Ling'i inagonja. Atasiya, inabwerera pamalo pake. Anthu anakuwa mpaka akhwangwala anathawa m'mitengo, ndipo Esau ankawamenya Che Uladi pamsana, koma iwo anangokhala duu, dzanja lili m'thumba litagwira sipanala, milomo ikutamanda Mulungu kuti "Mashaallah" popanda mawu otuluka.

Koma iwo amati chimene chimawabwererabe m'maso si chimenecho. Chakumapeto kwa masewero, Faizal anapanikizidwa ndi anthu awiri kutali ndi golo, pafupi ndi mzere wa pakati. Anabwerera phazi limodzi, nadumpha chammbuyo, nauponya. Mpira unakwera pang'onopang'ono ukuzungulira, anthu onse ali chete, n'kutsikira pakati penipeni pa ukonde. Kunangomveka kaphokoso ngati munthu wang'amba kansalu. Chitsulo chimene anachivutikira masiku atatu mpirawo sunachikhudze n'komwe, ndipo Che Uladi anapeza kuti aimirira osadziwa, misozi ili m'masaya. Alendo anapambana ndi mapointi 88 kwa 61, koma ambiri anapita kwawo osadziwa chiwerengerocho.

Masewero atatha, mayi Luckness anadzawakoka dzanja. Faizal anali atafunsa kuti maling'iwo agula kuti, ndipo atauzidwa kuti apangidwa pa Balaka pomwepo ndi masipuling'i a njinga yamoto, anafuna kuonana ndi mmisiriyo. Anawalonjera m'Chiyao, atagwira chigongono chake ndi dzanja lamanzere monga mwana wa pamudzi.

"Ali uli, atati?"

"Ndili chenene," anayankha Che Uladi.

Faizal anawauza kuti wasewerapo m'mabwalo ena a m'mizinda ikuluikulu momwe ankaopa kulendewera, koma apa dzanja lake linamva kuti chitsulocho n'chokhulupirika. Che Uladi anathokoza. Kenako funso limene linawasowetsa mtendere miyezi isanu linatuluka lokha. Anafunsa kuti, pepani mwanawe, kodi ukupita ku Maputo kapena ku Angola?

Faizal anaseka pang'ono, napukuta nkhope ndi thaulo.

"Bambo, nanenso ndimamva pa foni ngati inu nomwe," anatero. "Amakambirana ndi akuluakulu a timu ndi wondiimira. Ine adzangondiuza tsiku lonyamuka. Chikwama changa chili cholongedza kuyambira Ogasiti."

Asanapitirize, panafika mayi wina wochepa thupi, wovala mpango wobiriwira, amene anatsika pa lole ya ku Ngokwe. Anali mayi ake. Faizal anagwada pa simenti yotenthayo, ndipo atagwada choncho m'pamene nkhope zawo zinafanana msinkhu. Mayiwo anamugwira makutu onse awiri n'kumamuyang'anitsitsa. Che Uladi anabwerera m'mbuyo mwakachetechete n'kupita kukayang'ana mabauti.

Mwezi wa Novembala nkhani inatuluka yoti Mlongoti wagulidwa ndi timu ina ya ku Kigali, ku Rwanda, dziko limene palibe ndi mmodzi yemwe pa benchi paja analitchulapo. Esau anayesa kunena kuti iye ankanena kale kuti ndi chakumpoto, koma palibe anamuvomera. Che Uladi sanatsutse kapena kuseka. Masiku amenewo ankangofunsa aliyense wooneka wophunzira kuti ku Rwanda kumazizira bwanji, amadya chiyani, ndipo kodi mizikiti iliko.

Mbiri ya maling'i aja inafika kutali. Masukulu a ku Ulongwe, Nsanama ndi Phalula anayamba kutumiza aphunzitsi awo a zamasewero, ndipo okonza njinga zamoto pa Balaka anasiya kutaya mashoko akale. Che Uladi salola kuti wina akapachike ling'i yawo. Amapita okha ndi tepi yawo, kuyeza mafiti khumi, ndipo sachoka mpaka ataona ana akuponya. Mayi Rukiya amadandaula kuti eni mageti akudikira nthawi yaitali. Sabata yatha ndinawapeza pa depoti akukweza maling'i awiri m'minibasi ya ku Ntaja, akukangana ndi kondakitala amene ankafuna kuwaika pansi pa matumba a chimanga. Mapeto ake anakhala kumbuyo kwenikweni, maling'iwo atawafukata pamiyendo.