Wowakha mpira wofanana ndi alamu anga

Ndimayendetsa galimoto ya bwana wa ku America kuno ku Doha. Iwo amakonda masewera a pafoni osankha osewera enieni a mpira wa kwawo, uja wowakha ndi manja, n'kumapikisana ndi anzawo pa mapointi.

Tsiku lina ligi isanayambe, titaima pa maloboti ku Rawdat Al Khail, anandionetsa zithunzi za anyamata awiri othamanga n'kuwakha mpira. "Yalla, fulumira Gift, nditenge uti?"

Mpira umenewo sindinauonerepo chibadwire. Koma wakumanzereyo anali ngati alamu anga a ku Ntcheu, bambo amene sanagwetsepo botolo ngakhale ataledzera chotani.

"Uyu, bwana," ndinatero nkhope ili gwa. "Ndakhala ndikumutsatira. Manja ake sataya kanthu."

Mnyamatayo anawakha chaka chonse, bwana n'kupambana anzawo onse. Pano amanditchula kuti Kochi, ndipo ine ndimavomera, manyazi ndikuwameza.

Chaka chino andipatsa zithunzi khumi. Ndapezamo amalume ndi msuweni mmodzi, koma achibale odalirika akundithera.